Digiri ya Miran ndi Mchere wa Apongozi

Chu Miran anaipachika digiri yake pakhoma la kaofesi kake, pakati pa firiji ya mowa wa soju ndi shelefu ya makandulo. Inali digiri ya kayendetsedwe ka mahotela, ya chidindo chofiira, imene mayi ake anaivutikira zaka zinayi akugulitsa mabulangete mumsika wa mu Daegu. Oiona anali anamfedwa basi, chifukwa kaofesiko kanali m'nyumba yochitiramo maliro, kuseri kwa chipatala. Ena ankaiwerenga misozi ili m'maso, kenako n'kumuyang'ana Miran mwachisoni ngati wofedwayo ndi iyeyo.

Iye analibe nazo ntchito. Ku hotela anagwirako, ndipo inali hotela yeniyeni, ya nyali zolendewera ndi makapeti omira phazi. Ankaima polandirira alendo mpaka miyendo kutupa, akumwetulira anthu amene sankamuona n'komwe, koma mwezi ukatha malipiro ankangokwana kachipinda kopanda windo ndi tizakudya ta m'mapaketi. Ulemu wokha unalipo. Achibale akamva dzina la hotelayo ankagwedeza mitu n'kuyamikira, kungoti kugwedeza mitu kwa achibale sikunam'gulirepo ngakhale sokosi imodzi.

Chimene chinam'chotsa kumeneko ndi maliro a bambo ake. Masiku onse a malirowo msuzi unkabwera wozizira, nsapato za odzapepesa zinali mbwee pakhomo moti amalume ake anabwerera kwawo atavala za munthu wina, ndipo mayi ake, m'malo molira mwamuna wawo, ankathamanga uku ndi uku kufunafuna masupuni. Miran anaima pakona mtima ukuwira. Zonse zimene anaphunzira, kulandira munthu, kumukhazika, kumudyetsa chotentha ndi kumuperekeza, zinkafunika pamenepo, osati kwa alendo olemera okwiya chifukwa pilo walimba. Mwezi wotsatira anabweza yunifolomu n'kukagogoda kwa mwini nyumba ina ya maliro. Abwana ake a ku hotela anamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Mayi ake anakhala osamuyankhula mpaka dzinja linatha.

Tsopano chinali chaka chachitatu. Zipinda zonse za maliro m'nyumbamo zinali m'manja mwake, pamodzi ndi khitchini ndi amayi operekera zakudya. Msuzi wofiira wa ng'ombe unkafika patebulo ukutuluka nthunzi kaya ndi nthawi yanji, nsapato zinkandandalikidwa ndi chopanira chachitali zitayang'ana kunja, ndipo palibe wamasiye amene anafunafunapo supuni. Mbiri inawanda moti mabanja ankalimbirana malo. Mwini nyumbayo, poopa kuti ena angamulande, ankamulipira kuposa kawiri zimene hotela inkam'patsa. Miran anawachotsa mayi ake mumsika muja, ndipo mkwiyo wawo unatha mawondo atasiya kuwawa. Chikole cha nyumba imene ankati adzakhalemo akakwatiwa, gawo lalikulu linachokera m'thumba mwake.

Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene palibe anamulamula. Kusukulu anawaphunzitsa kuti manijala wabwino amayamba walonjera mlendo wamkulu asanagwire china chilichonse, ndipo kwa Miran mlendo wamkulu pamaliro anali uja wa pachithunzi, wozunguliridwa ndi maluwa oyera. Choncho m'mawa uliwonse ankalowa chipinda ndi chipinda, n'kuima kutsogolo kwa chithunzi, dzanja lamanzere pamwamba pa lamanja monga timachitira pamaliro, n'kugwada mpaka chipumi kufika pansi. Ankadzuka n'kugwadanso. Wamoyo timamugwadira kamodzi, wakufa kawiri. Zimenezi ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka amazidziwa.

Wodzamukwatirayo anali Tak Sangho, mnzake wa m'kalasi ku yunivesite. Digiri yawo inali imodzimodzi, chidindo chimodzimodzi, koma Sangho anatsalira ku hotela, ndipo taye inkamukhala bwino kwambiri. Ankamukonda Miran, pamenepo tisamunamizire. Masiku a kachipinda kopanda windo aja ndi iye ankamusisita mapazi otupa pamasitepe a kuseri kwa hotela, akugawana kambale kamodzi ka chakudya. Mpaka pano ankabwera kudzamutenga akaweruka, kungoti galimoto ankaiimika kutsidya kwa msewu, pakhomo pa sitolo ya mankhwala, ati mkati mwa mpanda malo oimika ndi ovuta. Makolo ake ku Andong anangowauza kuti mtsikanayo ndi manijala wolandira alendo, iwo n'kumalizitsa okha kuti ndi ku hotela. Mayi ake a Sangho anali atapita kale kwa wolosera, amene anawasankhira tsiku labwino la ukwati m'nyengo ya maluwa. Ndipo munthu amene tsiku lake la ukwati laikidwa saponda pamaliro, ngakhale atamwalira mnzake wapamtima. Amangotumiza chipepeso n'kukhala kunyumba.

Miran ankaponda pamaliro angapo asanamwe ndi khofi yemwe.

M'mawa wa Chaka Chatsopano chathu, chija chotsata mwezi, tsiku lokagwadira akuluakulu, anayamba wadzera kuntchito poti anthu samasiya kumwalira chifukwa cha tchuthi. Anazungulira zipinda zake, kenako analowa m'kaofesi kukavala zachikhalidwe, siketi yaitali yofiirira ndi kabulauzi kachikasu. Azakhali a Boksun, mkulu wa kukhitchini, anasuzumira pakhomo chipande chili m'manja.

"Eee, taonani mkwatibwi! Bwana, mwatchena ngati simunagwirepo nsapato za anthu olira. Ndiye apongoziwo muwauza lero?"

"Akandifunsa ndiwauza."

"Akakufunsani! Anthu a ku Andong safunsa, mwana wanga, amanunkhiza. Dzithireni perefyumu wambiri, lubani wakulowererani mpaka m'tsitsi."

"Azakhali, inu samalani msuzi. Wa chipinda chachitatu dzulo unachepa mchere."

"Tapitani uko! Msuzi wanga sunachepepo mchere chiyambire."

M'galimoto Sangho anali wosakhazikika. Ankangosinthasintha wailesi, ndipo atangotuluka mumzinda anaizimitsa.

"Miran, ndikupemphe kanthu kamodzi. Lero lokha."

"Ndikudziwa kale. Ndikhale wa ku hotela."

"Sindikuti uname ayi. Ungokhala chete. Ukwati ukadutsa tidzawauza pang'onopang'ono. Bambo ndi munthu wa miyambo, ndipo mayi mtima wawo suchedwa kuthamanga."

"Chaka chatha unati tidzawauza tsiku likaikidwa. Laikidwa."

"Vuto lake n'limenelo, laikidwa!"

Miran anapisa dzanja m'kathumba ka chitseko kufuna tishu, koma anatulutsa kajumbo ka mchere wamibulu, kotsala theka.

"Uwu ndi wachiyani?"

"Wa mazira owiritsa," Sangho anatero maso ali pamsewu. "Ndikakhala pa ulendo."

Mazira odyera mchere wamibulu Miran anali asanawaonepo, koma anakabwezera kajumboko momwe kanali. Ankamukonda mnyamatayo, ndipo anaganiza kuti kukhala chete tsiku limodzi sikungamuphe.

Nyumba ya banja la a Tak inali yakalekale, ya denga la matailosi akuda ndi khonde lamatabwa, ndipo tsikulo inadzaza achibale. Nsapato zinali mulu pamwala wokwerera pakhonde. Mwambo wa makolo akale unali utangotha, fungo la msuzi wa timikate ta mpunga lili ponseponse. Mayi ake a Sangho, munthu wamfupi wa maso akuthwa, anam'gwira Miran manja onse awiri n'kuyamba kumuonetsa kwa achibale.

"Ndi ameneyu mpongozi wanga wa digiri ya mahotela. Taonani kaimidwe kake! Ukwati ukangochitika tizikagona ku hotela kwaulere, si choncho mwana wanga?"

Onse anaseka. Azakhali ake a Sangho, mlongo wa bambo ake, anamukoka Miran pambali.

"Tandiuza zoona iwe, maphunziro amenewa amalipira? Mwana wanga wamkazi akuti akufuna omwewo, koma fizi yake ikundisowetsa tulo. Ndikaona Sangho ndimangoona mataye."

"Zimatengera kumene wapita nawo, azakhali."

"Mwamva kuyankha kwake? Ana a ku hotela amenewa, sakuuza inde kapena ayi!"

Miran anamwetulira kumwetulira kuja anakuphunzira chaka choyamba ku yunivesite, kosaonetsa mano ambiri.

Bambo Tak, mphunzitsi wopuma wa tsitsi loyera, anakhala pamtsamiro m'chipinda chachikulu, akazi awo pambali. Ana ndi adzukulu anagwada motsatana msinkhu, aliyense n'kulandira mawu amadalitso. Kenako anaitana Sangho ndi Miran kuti agwade limodzi, koyamba pamaso pa banja lonse.

Miran sankachita mantha. Kugwada ndiye kunali kwake, ndipo m'chipindamo munalibe amene anagwadapo kochuluka ngati iye. Anakweza manja pachipumi, anatsika pang'onopang'ono siketi ikufufuma momuzungulira, anawerama, n'kudzuka osagwedera ngakhale pang'ono. Wina ananong'ona kuti taonani ana ophunzira. Sangho anali atakhala kale pansi kudikira madalitso.

Ndipo Miran anatsikanso.

Sanaganize chilichonse. Mawondo anangochita zimene ankachita m'mawa uliwonse, ndipo anazindikira chipumi chili kale pansi kachiwiri, dzanja lamanzere lili pamwamba. Bambo Tak anadzigwira pachifuwa, n'kuyang'ana manja awo ngati akufuna kutsimikiza kuti akadali ofunda.

"Kodi ine ndafa liti?" anafunsa motsitsa mawu. "Bwanji simunandiuze?"

Palibe anaseka. Mayi ake a Sangho anadzambatuka.

"Mayo ine! Pa Chaka Chatsopano! Mwana iwe, ukuwaika m'manda amuna anga ali maso? Takulakwira chiyani ife?"

"Watopa, mayi!" Sangho analowerera msangamsanga. "Ku hotela kunali alendo ambirimbiri a tchuthi, sanagone. Wangosokonezeka. Miran, auze kuti watopa."

Pothawira panali pamenepo. Akanangoti inde, akanamukalipira pang'ono, azakhali akanapeza nkhani yosekera zaka zambiri, ndipo ukwati ukanachitika m'nyengo ya maluwa. Manyazi anam'gwira zedi, chifukwa chimene anachita chinali choipa ndipo iye ankadziwa kuipa kwake kuposa onse. Koma atamva mawu oti hotela akutuluka m'kamwa mwa Sangho mosavuta chonchija, manyazi aja anasanduka mkwiyo.

Anatembenukira kwa bambo Tak, anaika dzanja lamanja pamwamba, n'kugwada kamodzi, bwinobwino.

"Bambo, ndalakwa kwambiri, ndikhululukireni. Mukhale ndi moyo wautali. Koma sindinatope ayi, ndipo ku hotela ndinachokako kalekale. Ndimayendetsa nyumba ya maliro ku Daegu. M'mawa uliwonse ndimagwadira omwalira, lero lomwe ndawagwadira ndisanabwere kuno. Mawondo anga anazolowera, n'chifukwa chake."

"Lero lomwe?" mayi aja anafunsa. "Wachokera pamaliro n'kudzalowa m'nyumba mwanga, pa tsiku la makolo, tsiku la ukwati litaikidwa?"

"Inde, mayi."

Mayi aja sanadikire zambiri. Anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi mbale ya mchere wa mumtsuko, uja wokonzera kabichi. Anam'kankhira Miran pakhonde, anam'tsitsira pabwalo ali ndi masokosi okha, n'kuyamba kumuwaza. Mchere unam'menya kumaso, unalowa m'khosi mwa kabulauzi, wina unakakamira m'tsitsi. Achibale anaunjikana pakhonde kuonerera. Miran anaima chilili osaphimba nkhope. Mwambowu ankaudziwa ndipo sankadana nawo: munthu wochokera kumaliro amawazidwa pang'ono pakhomo, n'kulowa kukadya. Koma mbale yonse yathunthu sinali yothamangitsa tsoka, inali yothamangitsa iyeyo.

Mchere utatha, mayi aja anapuma wefuwefu ndipo mawu awo anafewa, chifukwa sanali munthu woipa mtima, anali munthu wamantha.

"Tamvera mwana wanga. Zachitika, zachitika. Ndipita kwa wolosera akatikonzere. Iwe mwezi uno usanathe ukasiye ntchito imeneyo, ubwerere ku hotela. Ukwati uchitika monga tinapangira, ndipo za lerozi palibe adzazitchule. Uli ndi digiri iwe! Mayi ako anavutika zaka zinayi kuti uzikatola nsapato za anthu olira? Ntchito imeneyo angagwire aliyense, ngakhale wosadziwa kulemba dzina lake. Pepala lija wangoliwononga."

"Zoona," azakhali aja anavomereza ali pakhonde. "Fizi yonse ija kuthera mu msuzi wa pamaliro!"

Miran anapukuta mchere pazikope.

"Mayi, digiri imene ndili nayo ine ndi yomweyo ali nayo mwana wanu. Tinkakhala benchi imodzi, ndipo mayeso ena ankaonera kwa ine. Mufunseni kuti yake yamugulira chiyani. Nyumba imene mwakhala mukuuza anthu kuti mwana wanu wapeza ku Daegu, mufunseni chikole chake chinachokera kuti. Chinachokera mu msuzi wa pamaliro womwewo."

"Miran!" Sangho anakuwa.

"Ndisiye ndimalize. Azakhali, munandifunsa ngati maphunzirowa amalipira. Ku hotela anandilipira kachipinda kopanda windo. Kumene ndili awachotsa mayi anga mumsika, mawondo awo apuma. Ndiye musandiuze kuti ndaliwononga pepala. Ndipo si aliyense angagwire ntchitoyi, ayi. Kudyetsa khamu la anthu osadziwa kuti lifika nthawi yanji, kukhazika ana a malemu odana m'chipinda chimodzi osamenyana, kudziwa nthawi yom'patsa madzi wamasiye asanakomoke, zimenezo ndinachita kuphunzira, ndipo ndimazichita bwino kuposa wina aliyense mu Daegu. Nonse muli pakhondepa mudzafuna munthu ngati ine tsiku lina. Ntchito sindisiya."

"Ukutitemberera tsopano?" anafunsa azakhali aja.

"Ndikungonena zimene mukudziwa kale."

Mayi aja anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe Sangho, umadziwa zonsezi? Nthawi yonseyi ukumukweza m'galimoto, n'kumabwera kuno kudzadya m'mbale zanga?"

Apa ndi pamene Sangho anafuna kukonza zinthu, ndipo mwa mawu onse amene ananenedwa tsikulo, ake ndi amene anaononga. Anatsika pakhonde manja ali m'mwamba ngati woleretsa ndewu.

"Mayi, musade nkhawa, ndakhala ndikusamala. Mkati mwa nyumbayo sindinapondemo ngakhale kamodzi. Ndipo akangotsika m'galimoto ndimawaza mchere pampando, ndi pakhomo panga pomwe akachoka. Nthawi zonse, sindinaiwalepo. Palibe choipa chafika kuno."

Ankayankhula akumuyang'ana Miran, nkhope ikupempha kuti aone mmene akumutetezera.

Miran anakumbukira timibulu timene tinkamulasa kumapazi pakhomo pa Sangho, iye n'kumati ndi mchenga wa m'nsapato. Anakumbukira masiku amene ankamupsompsona patsaya n'kutsika, galimoto n'kukhala kanthawi isananyamuke, iye n'kumasangalala kuti mnyamatayo akudikira aone kuti walowa bwino m'nyumba. Mchere wa mayi aja unangomuyabwa khungu. Uwu unamupweteka kwenikweni, moti anafuna kukhala pansi pomwepo n'kulira, koma sakanalira pamaso pa anthu a pakhondewo.

"Mazira owiritsa," anatero.

"Miran, ndi mwambo chabe. Sikuti iweyo..."

"Ndamva."

Anapita pamwala paja n'kusankha nsapato zake pamulu. Manja ake anafuna kundandalika zinazo, koma anawaletsa.

"Mawa ndili kuntchito. Ngati ukundifuna, ulowe pakhomo lalikulu, uvule nsapato, ukhale pansi udye msuzi wanga. Ukatero tikambirana. Bambo, mayi, tsalani bwino."

Amene anayankha ndi bambo Tak okha, ali chikhalire pamtsamiro wawo. "Pita bwino, mwana wanga. Kugwada kokha umakutha."

Anayenda wapansi mpaka pokwerera basi, siketi ikukhwekhwereka m'matope a chipale chosungunuka. M'basimo analira ulendo wonse wa ku Daegu, nkhope atalozetsa kuwindo, ndipo akasuntha pang'ono mchere unkayoyoka m'zovala n'kugwera pampando.

Kutacha anazungulira zipinda zake monga mwa masiku onse. Azakhali a Boksun anangoona maso otupawo n'kumutsanulira msuzi osafunsa kanthu, koma pakamwa pawo sipakanapirira nthawi yaitali.

"Ananunkhiza?"

"Ndinawagwadira kawiri apongozi aamuna."

Chipande chinagwera mumphika. "Mayo! Ali moyo?"

"Ali moyo, ndi athanzi lawo."

Azakhali anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anaona kuti bwana wawo sakuseka, n'kudzipukuta m'maso ndi epuloni. "Nanga ukwati?"

"Tiona masana ano. Msuziwu mwauchepetsanso mchere. Mukanandiuza, dzulo ndinapatsidwa wambiri waulere."

Masana foni inalira. Miran anali pakhomo lalikulu lagalasi chopanira chili m'manja, chifukwa wosamala nsapato anali pa tchuthi. Kutsidya kwa msewu, pakhomo pa sitolo ya mankhwala, galimoto ija inali itaima pamalo ake akale. Ankamuona Sangho bwinobwino, foni ili kukhutu, taye ili pakhosi.

"Ndabwera," anatero Sangho. "Tatuluka tikambirane. Mayi mtima watsika, akuti ukhoza kugwirabe mpaka kumapeto kwa mwezi wamawa."

"Ndinati ulowe."

"Miran, usandivutitse. Ukudziwa kuti sindingalowe. Tsiku linaikidwa."

"Ndi tsikulo lokha likukuletsa?"

"Eya, ndi lomwelo. Pakanapanda tsikulo bwenzi ndili mkati kalekale."

Miran anapanira foni paphewa, anavula mphete ya chitomero, n'kuikweza m'mwamba kuti aione kudzera pagalasi. Kenako anaiika pashelefu ya nsapato, pamalo opanda kanthu.

"Tsikulo ndalichotsa. Kulibe ukwati m'nyengo ya maluwa, ukawauze mayi ndi wolosera wawo. Tsopano ndiwe munthu wamba, palibe chokuletsa. Woloka msewu. Mphete yako ili apa, msuzi ndi wotentha. Ukalowa tidzasankha tsiku lina tokha, ine ndi iwe."

Magetsi owolotsera anthu pamsewu anasintha, anthu oyenda pansi anawoloka, ngakhale gogo wina wa ndodo anawoloka mpaka kufika. Chitseko cha galimoto sichinatseguke. Miran, amene sankapemphera, anapezeka akupemphera chamumtima kuti chitsekocho chitseguke. Magetsi anasinthanso.

"Miran," Sangho anatero, "bwanji ungotuluka iweyo?"

Nthawi yomweyo basi inaima pachipata, ndipo munatsika anthu ovala zakuda, odzapepesa maliro a m'chipinda chachiwiri. Patsogolo pawo panali mayi wachikulire amene miyendo inkawakanika. Miran anadula foni, anaiponya m'thumba, n'kutsegula chitseko mbali zonse ziwiri. Anawagwira mayiwo pamkono, anawavula nsapato, anawaperekeza mpaka pachithunzi cha mng'ono wawo, ndipo anaima nawo mpaka anamaliza kugwada. Kenako anauza a kukhitchini kuti atulutse msuzi, wotentha.

Atabwerera pakhomo, pamalo paja pa sitolo ya mankhwala panali pataima lole yotsitsa makatoni. Anayang'ana kanthawi. Kenako anatola mphete ija n'kukaiika m'kabati ya zinthu zimene alendo amaiwala, pamodzi ndi maambulera ndi magalasi a maso. Anatenga chopanira chake n'kuyamba kundandalika nsapato za anthu amene analowa, zonse zitayang'ana kunja.